Masekondi atatu opanda buleki

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti sukulu ija yakulemba ntchito, ndipo akupatsa basi yaikulu ya mabuleki a mpweya, osati timinibasi tija unazolowera. Ndakondwa kwambiri. Koma malume sangangoti "wachita bwino" n'kukusiya. Khala pansi ndikuuze nkhani ya ku America ya chaka cha 2000, iwe ukadali kumsana kwa mayi ako, kenako ndikuuze yanga imene sindikonda kuikamba.

Ku America mabasi a ana asukulu ndi achikasu, alipo oposa 400,000, ndipo tsiku lililonse la sukulu amanyamula ana opitirira 20 miliyoni. Kuyambira pa 1 Malichi 1998, boma la kumeneko linalamula kuti basi iliyonse yatsopano ya mabuleki a mpweya izikhala ndi ABS. Ntchito ya ABS ndi iyi: kumatayala kuli timasensa towerenga mmene tayala likuzungulirira, n'kumauza kakompyuta. Ukaponda mwamphamvu pamsewu woterera tayala n'kufuna kuuma, kakompyutako kamatulutsako mpweya pa tayalalo kuti lizungulirenso, iwe uthe kuwongolera. Ndi chinthu chabwino, ndipo chapulumutsa anthu ambiri.

Kampani ya Bendix, ya ku Elyria m'chigawo cha Ohio, inali imodzi mwa zopanga timakompyuta timeneti, ndipo tinalowa m'mabasi a Thomas Built, a Blue Bird ndi a International. Tsiku lina basi ya ana ku San Francisco inachita zachilendo. Dalaivala anaponda buleki, basi osagwira, kenako n'kugwira. Anaimitsa bwinobwino, palibe amene anavulala. Nkhani zotere nthawi zambiri zimathera pomwepo: munthu amapukusa mutu, n'kuti "kaya chinali chiyani", n'kupitiriza ulendo. Koma iyi inanenedwa, ndipo inakafika kwa opanga.

Atafufuza anapeza kuti waya wa sensa ukamakhulana ndi chitsulo mpaka kuperepeseka, umatumiza uthenga wabodza. Kawirikawiri ABS ikazindikira kuti yadwala imadzizimitsa yokha, n'kuyatsa kanyali pa dashibodi, mabuleki wamba n'kupitiriza ntchito. Apa kakompyutako kankakhulupirira bodza lija. Kankaganiza kuti tayala lauma pamene likuzungulira bwino, ndiye kankamasula buleki. Zinkachitika basi ikamayenda pang'onopang'ono, paliwiro losafika mamailosi 20 pa ola, omwe ndi makilomita 32, ndipo buleki inkatha kusowa mpaka masekondi atatu.

Pakamwa masekondi atatu ndi kanthu kochepa. Werengera wekha. Pa makilomita 30 pa ola basi imayenda mamita 8 ndi pang'ono pa sekondi imodzi. Masekondi atatu ndiye mamita 25, kutalika kwa mabasi awiri ondondozana. Ndipo liwiro limenelo ndi lomwe uziyenda pofika pageti la sukulu, ana ali piringupiringu kuthamangira mpando wa pawindo.

Nkhaniyi inatuluka poyera sukulu zikutsegulira, kumapeto kwa Ogasiti ndi kuchiyambi kwa Seputembala. Magalimoto akuluakulu pafupifupi 300,000 anakhudzidwa, ndipo mwa iwo mabasi a ana asukulu analipo pafupifupi 46,000. Eni ake analandira makalata owauza kuti ayang'ane mawaya, timakompyuta tija tinasinthidwa, ndipo madera ena anayamba aimika mabasi mpaka atayang'anidwa. Zimenezi kumeneko amazitcha recall, kutanthauza kuti wopanga akuitanitsa katundu wake kuti adzamukonze. Sachita mwachifundo ayi. Lamulo lawo, lomwe linayamba mu 1966, limati kampani ikazindikira kuti galimoto yake ili ndi vuto loika moyo pachiswe, iuze bungwe la boma la NHTSA pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, ilembere eni magalimoto pasanathe masiku 60, ndipo ikonze osalipiritsa.

Ambiri akamva nkhaniyi amasirira malamulo a kumeneko. Ine chimene chimandigwira mtima ndi poyambira pake. Mainjiniya, makalata, boma, zonsezo zinabwera pambuyo. Choyamba linali phazi la dalaivala, limene linamva kuti buleki yachita zosazolowereka, ndi pakamwa pake pamene sipanabise. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa basi wakumva m'mimbayo ndiwe, osati mwini sukulu amene ali mu ofesi, osatinso makaniko amene amaiona basi itaima.

Ndiye dziwa kuti kalata ngati imeneyo kuno sidzakupeza. Magalimoto ambiri amene timayendetsa anayamba atumikira kwina, ku Japan, ku Britain, ku South Africa, n'kudutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi asanafike pa Songwe, pa Dedza kapena pa Mwanza. Kalata ya wopanga imapita kwa munthu amene ali m'kaundula wa dziko lakwawo, ndipo imathera pomwepo. Taona nkhani ya ma airbag a kampani ya Takata, amene ankaphulika n'kulasa anthu ndi zidutswa za chitsulo: magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanitsidwa padziko lonse, kampaniyo inagwa mu 2017, koma funsa pamsika wa magalimoto akale kuti ndi angati anafufuza ngati yawo ili m'gululo. Choncho ntchito ya kalatayo uigwire wekha. Peza kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, uijambule pafoni. Magalimoto a ku Ulaya ndi ku America nambala yake imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Opangidwira msika wa ku Japan imakhala yaifupi. Pita nayo kwa ogulitsa magalimoto a mtundu umenewo, kapena uilembe pa intaneti patsamba la wopanga, uone ngati basi yakoyo inaitanitsidwapo, ndiponso ngati inakonzedwa. N'zaulere, ndipo sizitenga nthawi yoposa yomwera tiyi.

Tsopano za mpweyawo. Anayambitsa mabuleki a mpweya ndi George Westinghouse, mu 1869, pa sitima zapamtunda. Oyambawo anali ndi vuto lalikulu: paipi ikaduka, mabuleki onse ankatha. Mu 1872 anawatembenuza kuti mpweya ukathawa m'paipi, mabuleki azigwira okha. Nzeru yofanana nayo ili kumatayala akumbuyo a basi yako. M'kati mwa buusita, chitini chimene chimakankha buleki ya tayala, muli sipuring'i yamphamvu kwambiri imene nthawi zonse imafuna kumanga buleki, ndipo chimene chimailetsa ndi mpweya. Mpweya ukatha, sipuring'i imamasuka n'kumanga. N'chifukwa chake m'mawa basi siisuntha mpaka mathanki atadzaza. Madalaivala ambiri akamva zimenezi amalimba mtima, amati basi ya mpweya singathawe munthu. Inenso ndinkatero.

Ndili msinkhu wakowu ndinkayendetsa basi ya kampani ina pakati pa Blantyre ndi kuchigwa cha Shire. Kompuresa yake inali itayamba kufooka. M'mawa ndinkaliza injini, n'kupita kukamwa tiyi kapu yathunthu, pobwera geji isanafikebe pamalo pake. Kabelu kochenjeza kuti mpweya wachepa wina anali atakadula waya, ati kankasokosa apaulendo. Buusita imodzi yakumbuyo inayamba kutaya mpweya tili panjira, makaniko n'kutseka paipi yake kuti "tingofika". Tinafikadi. Koma "tingofika" uja anakhala milungu itatu. Zonse zitatuzi ndinkazidziwa. Sindinanene, chifukwa pageti pa kampani pankakhala amuna okhala ndi malaisensi m'thumba akudikira kuti wina achotsedwe, ndipo dalaivala wodandaula ndiye ankayamba kuchoka.

Linali tsiku lotentha la mu Okutobala, basi itadzaza, pamwamba pali matumba ndi njinga. Ndinayamba mtsetse wopita ku Thabwa ndili pa giya yapamwamba, poti ndinali nditachedwa ndipo msewuwo ndinkauona ngati wa kumunda kwathu. Ndinkangopondaponda. Amati tsoka silinunkha, koma la mabuleki limanunkha ndithu, fungo ngati la tayala lopserera, ndipo ndinalimva tisanafike pakati pa phiri. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa kuti, "Adalaivala, chikupsa n'chiyani?" Ndinamuyankha kuti n'zazing'ono. Titakhota kawiri ndinaponda, phazi linapita mpaka pansi, basi osamva. Ndinayesa kutsitsa giya, inakana. Ndinakoka handibuleki, inangochita ngati munthu wakugwira malaya iwe ukuthamanga. Chimene ndinatha kuchita ndi kuikhotetsera kumbali ya phiri, n'kuikhwekhwereza m'ngalande mpaka inaima itapendama.

Sipanafe munthu. Mayi anandifunsa uja anathyoka mkono, kondakitala anaguluka mano awiri, ndipo bondo langa limene limandiwawa kukamazizira linachokera pamenepo. Kwa apolisi ndinanena zimene aliyense amanena: mabuleki anaduka. Koma mabuleki saduka ngati ulusi, mphwanga. Anakhala akundiuza kwa milungu itatu.

Mwina ukufunsa kuti nanga sipuring'i ija inali kuti. Inalipo, ndipo inakankha. Koma sipuring'i imakankha nsapato za buleki zomwezo, m'madiramu omwewo. Matayala atatu ankagwira ntchito ya anayi, ndiye anatentha msanga. Diramu likatentha limafutukuka n'kuthawa nsapato, malayining'i n'kuchita see ngati galasi. Pamenepo kaya ukankhe ndi mpweya, kaya ndi sipuring'i, palibe chogwira. Nzeru ya Westinghouse imakuteteza mpweya ukathawa. Ku moto ndi ku ulesi sikuteteza.

Kuyambira pamenepo m'mawa wanga unasintha, ndipo ndikufuna wako uyambe wosintha kale. Fika msanga, ana asanabwere. Ika basi pamalo athyathyathya, utchinge matayala ndi mtengo kapena mwala. Liza injini uone kuti geji ikutenga nthawi yotani kuti idzaze, ndipo nthawiyo uisunge m'mutu, chifukwa tsiku limene idzayamba kutalika ndi tsiku limene kompuresa kapena paipi yayamba kudwala. Ikadzaza, cha pa 120 psi, kapena cha pa 8 ngati geji yako ndi ya bar, umva basi ikuyetsemula pansi. Zimitsa injini, masula handibuleki, ponda buleki n'kuigwira mphindi imodzi yathunthu, maso pa geji, makutu panja. Singano iyamba yatsika pang'ono n'kukhazikika. Ikakhazikika, mabuku a madalaivala ku America amati pa basi isatsike kuposa 3 psi pamphindi imeneyo, komwe ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri pa geji. Ikamatsika moonekera, pali pothawira mpweya, ndipo m'bandakucha kukakhala zii umatha kupamva ndi khutu. Pakakanika khutu, madzi a sopo amaonetsa thovu.

Ukatero tsegula kiyi, uyambe kupondaponda dala kuti mpweya uchepe. Kabelu ndi nyali yofiira ziyenera kuchenjeza singano isanatsike pansi pa 60 psi, kapena 4 bar. Pitiriza, ndipo pakati pa 45 ndi 20 psi masipuring'i amange okha. Mabasi a ku Ulaya ndi ku Asia ali ndi manambala awoawo, ena amachenjeza msanga kuposa apa, choncho funa buku la basi yakoyo uwerenge. Chachikulu n'chakuti kabelu kalire. Kakapanda kulira, basi imeneyo yatsekedwa pakamwa, ndipo usainyamulire mwana wa munthu.

Za madzi anzako ambiri amazinyozera. Mpweya ukapanikizidwa umatulutsa madzi, ndipo amatsikira pansi pa mathanki limodzi ndi timafuta ta kompuresa. Pansi pa thanki iliyonse pali kampopi kapena kamphete kokoka. Koka tsiku lililonse ukaweruka. Pakatuluka mpweya wokhawokha, zili bwino. Pakatuluka madzi ambiri, chowumitsira mpweya chatopa. Pakatuluka phala lotuwa lamafuta, kompuresa yayamba kulavula oyilo. Madzi amenewo amadya malo a mpweya m'thanki, amachititsa dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndi limene limakamata mavalavu. Nyengo ya dzinja amachuluka kwambiri. Inde, uda mawondo a thalauza. Gula ovolosi.

Uli pansi pomwepo, yang'ana mapaipi ndi mawaya opita kumatayala, makamaka pamene akukhudza chitsulo. Vuto la ku America lija linayambira pa waya wokhula pachitsulo, m'misewu yawo yosalala. Nanga kuno, kumene basi imagwedezeka m'maenje ndi m'fumbi tsiku lonse? Nyali ya ABS iyenera kuyaka ukatsegula kiyi, n'kuzima pakapita kanthawi. Ikakhala chiyakire, nena. Ndinaonapo dalaivala atamata tepi yakuda pa nyali imeneyo kuti isamamuthobwe m'maso usiku, ndipo anali kunyadira nzeru zakezo.

Pempha mnzako aponde buleki iwe ukuyang'ana kachitsulo kotuluka m'buusita kukakankha silaki, kamkono kamene kamakankhira nsapato ku diramu. Kakamatuluka kwambiri, ndiye kuti nsapato zatalikirana ndi diramu. Pa mabuusita aakulu ofala aja, a saizi 30, malire ake ndi mainchesi awiri, pafupifupi masentimita asanu. Masilaki a masiku ano amadzisintha okha, ndipo ukapeza yotereyo yatayirira, kuimanga ndi sipanala n'kungobisa matenda. Yafa, kapena china chapafupi nayo chatha. Ndipo chonde, mbali ya sipuring'i ya buusita usadzayese kuitsegula, ngakhale wina atakuuza kuti amatha. Sipuring'i imeneyo ikafwamphuka imaswa mutu wa munthu. Ikawonongeka amasintha yonse.

Zamtsetse ndinena mwachidule, poti bondo langa lanena kale. Giya umasankha uli pamwamba, usanayambe kutsika. Buleki ya injini igwire ntchito yaikulu, ya phazi izingothandiza: ponda molimba liwiro litsike, siya madiramu apume, pondanso. Kupondaponda kosalekeza kumamwaza mpweya, ndipo kugoneka phazi pa buleki kumawotcha madiramu. Pali chizolowezi china choipa chimene dizilo akakwera mtengo chimabuka, choika basi pa nyutulo pamtsetse kuti mafuta atsaleko. Ukatero injini imangolira pansipansi, kompuresa n'kumapopa mwaulesi nthawi yomwe iwe ukudya mpweya wambiri, ndipo injiniyo sikukugwiriranso basi. Tsiku lina sukulu idzakutuma ndi ana kunyanja kudzera pa Khwekhwelere, kapena kumpoto kutsika Chiweta. Malita awiri amene ungapulumutse pamenepo usawawerengere n'komwe.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi si zitsulo. Ndi bwana. Udzamuuza kuti buleki ikuchita zachilendo, iye adzati, "Ingomalizani sabata ino, tikonza Loweruka." Si munthu woipa; ali ndi malipiro a aphunzitsi, makolo ena sanalipire fizi, ndipo zipangizo za basi n'zodula. Adzakuonetsa COF ili pagalasi, kuti a Road Traffic anaiona n'kuivomereza. Pepala limenelo limanena mmene basi inalili tsiku limene anaiyeza, osati lero. Usakangane naye, ndiponso usamuchititse manyazi pamaso pa antchito ena. Gula kope la basiyo. Tsiku lililonse lemba deti, zimene waona, ndi amene wamuuza. Vuto likakhala la mabuleki, mupemphe mwaulemu asayine kuti wamva. Udzadabwa mmene cholembera chimafulumizitsira ndalama imene pakamwa pokha inkasowa. Munthu amene amatha kunena kuti "pitani choncho" nthawi zambiri safuna kulemba dzina lake pansi pa mawu amenewo.

Kopelo lili ndi ntchito inanso. Vuto lobwera n'kuchoka, ngati la ku San Francisco lija, makaniko salipeza basi itaima pagalaja. Adzayendetsa kuzungulira kamodzi n'kukuuza kuti ili bwino, mwina n'kukuseka kuti ndiwe wamantha. Koma ukamuuza kuti zachitika katatu, nthawi zonse ukuyenda pang'onopang'ono, nthawi zonse ukangodutsa pamsewu wa mabampu, wamupatsa poyambira. Ukakumana ndi madalaivala a mabasi a mtundu womwewo, afunse ngati awo amachitanso zomwezo. Akakhala awiri kapena atatu, nkhaniyo ikafike kwa ogulitsa, yolembedwa. Ku America nako zinayamba choncho, basi imodziimodzi.

Ndipo likadzafika tsiku loti kabelu sikakulira, kapena paipi ya tayala lina yatsekedwa kuti "mungofika", bwana n'kuumirira kuti unyamule ana, ika makiyi patebulo pake mwaulemu. Ndikudziwa kuti pageti padzakhala wina wodikira, monga analili nthawi yanga. Ntchito ikakuthera pa chifukwa chimenecho ubwere kuno, nsima ilipo, ndipo ina tidzafuna limodzi. Ine ndinasunga ntchito milungu itatu posanena, n'kuitaya ndithu tsiku limodzi, ndipo mpaka lero ndimamuona mayi uja atakhala m'mbali mwa msewu atagwira mkono wake, osandikalipira, akungondiyang'ana. Iye anali wamkulu, anamva fungo n'kufunsa. Ana a Sitandade 1 sadzafunsa. Adzakhala akuimba.

Lolemba ufike pasukulupo isanakwane 5 koloko, uyese mabuleki monga ndakuuzira, ndipo madzulo ukoke mathanki. Nambala ya chasisi ija unditumizire pafoni ya mayi ako, ndikafunse kwa ogulitsa ndikapita m'tauni Lachitatu.